Kwa anzanga a ku Mzuzu amene tinkayenda limodzi ndi matabuleti: zimene ndikuphunzira kuno ku Manchester

Abale anga, makamaka inu achimwene ndi achemwali amene tinkakumana m'maganyu a kafukufuku aja, ndati ndilembe zonse malo amodzi chifukwa mafunso pa WhatsApp achuluka ndipo ndikumayankha mwachidule ngati wamwano pomwe vuto ndi nthawi basi. Ena mukufunsa ngati kosi yake ndi masamu okhaokha, ena mukufuna za sikolashipu, ena mwangoti tiuze kaye ngati kukudyeka nsima. Nsima ikudyeka, ufa umapezeka m'mashopu a anthu a ku Africa ngakhale ndi wodula, chimene ndikusowa ndi usipa wa ku Nkhata Bay ndi nthochi za pa msika paja.

Kosi imene ndikupanga ndi masters ya chaka chimodzi ku University of Manchester, dzina lake Social Research Methods and Statistics. Timayamba September n'kumaliza September winayo, makilediti onse ndi 180 ndipo 60 mwa amenewo ndi a dissertation, lipoti lalikulu la kafukufuku wako, imene umalemba wekha miyezi yomaliza. Kukhoza kumayambira pa 50, merit pa 60, distinction pa 70, ndipo 70 wakunoyu sapereka mwachisawawa ayi, umachita kumukhetsera thukuta. Koma zimenezi mutha kuziwerenga paliponse, ine chimene chandipangitsa kukhala pansi n'kulemba ndi china.

Mukukumbukira kalembera wa mu September 2018. Tinakwera zitunda za ku Masasa, tinalowa tinjira ta ku Mchengautuwa ndi ku Chiputula, tabuleti ili m'manja batire likutha, agalu akutiuwa, madzulo n'kutumiza zimene talemba kenako basi n'kumadikira malipiro. Zotsatira zitatuluka anati Amalawi tilipo 17,563,749, Mzuzu yokha 221,272 kuchoka pa 133,968 mu 2008, tonse tinanyadira kuti ndi ntchito ya miyendo yathu imeneyo. Koma ndani mwa ife ankadziwa zimene zimachitika pakati pa kutumiza kuja ndi lipoti lija? Ifeyo timathera pa geti. Ndipo sikuti ndife opanda mitu, kungoti palibe amene anatiuzapo kuti mkatimo muli ntchito yoti ifenso tingaiphunzire. Nde panopa ndakhala mbali inayo ya geti ndipo ndikukuuzani zoona, si zamatsenga, ndi zinthu zoti munthu amene anakhoza masamu a MSCE bwinobwino n'kukhala ndi digiri yake angazigwire akalimbikira.

Chinthu choyamba chimene chinanditsegula mutu ndi sampling, kasankhidwe ka anthu oti afunsidwe. Tengani MDHS ya 2015-16, DHS ya ku Malawi, kafukufuku wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo, imene ena a inu munagwira nawo. Sanafunse dziko lonse, anasankha madera ang'onoang'ono 850 mwa aja amadulidwa nthawi ya kalembera, m'dera lililonse n'kusankhamo makomo pafupifupi 30, ndipo amayi azaka 15 mpaka 49 amene anafunsidwa analipo 24,562. Kuchokera pamenepo ndi pomwe dziko linadziwa kuti mayi mmodzi akubereka ana 4.4 kutsika kuchoka pa 5.7 mu 2010, komanso kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Ambiri kwathu amati iii anthu ochepa chonchi angaimire bwanji dziko lonse, ineyo sanandifunse. Yankho lake mumalidziwa kale pogula thumba la chimanga pa Zigwagwa, simukhuthula thumba lonse koma simuonanso pamwamba pokha pamene wogulitsa waika chabwino, mumabaya pansi, pakati, m'mbali. Nkhani yagona pa kumene wabaya osati kuchuluka kwa chimene watapa.

Ndiye pali vuto limene timathera nalo masabata m'kalasi. Makomo 30 a m'dera limodzi amafanana, amatunga pa mjigo umodzi, sikelo ya ana ndi imodzi, mlangizi wa zaumoyo ndi yemweyo, mvula ikavuta imavutira onse. Choncho khomo la 30 silikukuuza zambiri zatsopano kuposa zimene khomo loyamba lakuuza kale. Katswiri wina dzina lake Leslie Kish analemba za zimenezi mu 1965 ndipo kasamu kake n'kosavuta, umatenga makomo a m'deralo kuchotsapo limodzi, kuchulukitsa ndi mlingo wa kufanana kwawo, n'kuphatikiza 1. Tingoyerekeza kuti kufananako ndi 0.05 chabe, 29 kuchulukitsa ndi 0.05 kuphatikiza 1 ikutipatsa 2.45, kutanthauza kuti makomo 1,000 amene mwawayendera mpaka nsapato kutha ali ndi mphamvu ya makomo pafupifupi 400 okha. Taganizani mabungwe angati amene amatitumiza midzi itatu yoyandikana ndi msewu wa tala, n'kukalemba lipoti ngati ayankhula ndi boma lonse la Mzimba. Zimandiwawa ndikaganiza chifukwa pa malipoti oterowo ndi pamene amagamula kumene mjigo ukakumbidwe ndi kumene usakumbidwe.

Kenako ma weights, manambala osonyeza kuti wofunsidwa aliyense akuimira anthu ochuluka bwanji. Likoma kuli anthu ochepa kwambiri, koma kuti boma limenelo likhale ndi ziwerengero zakezake amafunsako anthu ambiri kuposa gawo lake m'dziko, pomwe ku Lilongwe mayi mmodzi wofunsidwa amaimira amayi ambirimbiri. Ukangotsegula fayilo n'kuwerengetsa maperesenti mu Excel osaganizira zimenezi, maboma ang'onoang'ono amaoneka akulu ndipo yankho la dziko limapotoka. Mu fayilo ya amayi ya DHS muli kolamu yotchedwa v005, umaigawa ndi 1,000,000 n'kuuza kompyuta kuti weight ndi imeneyo, n'kuiuzanso dera limene munthu aliyense wachokera. Mizere iwiri kapena itatu ya kodi ya pa kompyuta basi, koma ndi imene imasiyanitsa nambala yoona ndi yabodza.

Panopa ngakhale nkhani za pa wailesi ndimazimva mosiyana. Afrobarometer, imene imafufuza maganizo a anthu, ku Malawi imafunsa anthu 1,200 ndipo eni ake amanena poyera kuti nambala zawo zitha kusuntha ndi 3 m'mwamba kapena pansi, ndiye mukamva kuti uyu ali pa 42 uyo pa 40 musayambe kukangana pa depoti kuti wina watsogola, kafukufukuyo sananene zimenezo. Chimodzimodzi umphawi, IHS, kafukufuku wa umoyo wa m'makomo, ya 2016-17 inapeza 51.5 pa 100, ya 2019-20 inapeza 50.7, munthu wophunzira zimenezi asanaombe m'manja kuti umphawi watsika amayamba wafunsa ngati kusiyana kochepa chonchi sikungabwere chabe chifukwa makomo osankhidwa anali ena.

Tsopano chimene ndikufunitsitsa kuti mumve ndi ichi, zimene mumadziwa inu oyenda m'makomo kuno n'zosowa. Tsiku lina mphunzitsi anaonetsa girafu ya zaka za anthu kuchokera ku kalembera wa dziko lina, pa 30, 35, 40, 45 mizere itatalika ngati mano a sowo, n'kutiphunzitsa Whipple's index imene imayeza zimenezi, 100 ndiye kuti zili bwino, 500 ndiye kuti aliyense watchula zaka zothera ndi 0 kapena 5. Anzanga ambiri anangolemba kuti data yake ndi yosalongosoka n'kupitirira. Ine ndinakweza dzanja n'kufotokoza mmene zimakhalira, agogo ali pa mphasa akusenda chinangwa, chiphaso chili m'sutikesi ya mwana wawo amene wapita kumunda, iwe ukufunsa kuti kodi pa njala ya 1949 munali mutabadwa, nanga pomwe a Kamuzu ankabwera mu 1958 munali mutatha msinkhu, iwo akuseka akuti lembani zimene mukuona mwanawe, dzuwa likulowa ndipo patsala makomo ena anayi. Ndinawauzanso za chinthu chimene chimadziwika m'mabuku a DHS koma ochepa anachionapo ndi maso, kuti wofunsa akatopa amatha kukankhira mwana wazaka zinayi kuti akhale wamkulupo pofuna kuzemba gawo lalitali lija la katemera ndi matenda, kapena mayi wazaka 49 n'kumulemba 50. Ndinanenanso za kwathu ku tauni, kuti ku Chibavi abambo masana sapezeka ali pa kabaza kapena ku msika, ndipo nyumba za mipanda ya njerwa ku Chimaliro mlonda amangokuuzira pa kabowo ka geti kuti abwana kulibe, ndiye amene amasowa mu data si ongosowa mwangozi, ndi anthu a mtundu umodzi. Kalasi yonse inatembenuka, nthawi ya phunziro inatha tikadali pomwepo, ndipo kuchokera tsiku limenelo anthu amandifuna m'magulu awo a asainimenti.

Ndipo musaganize kuti anthu kuno sakukudziwa kumpoto kwathuko. Ku Chilumba m'boma la Karonga akhala akulemba obadwa, omwalira ndi osamuka kuyambira 2002, ndipo kafukufuku wa MLSFH wakhala akubwerera kwa mabanja omwewo ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka kuyambira 1998. Ophunzira za chiwerengero cha anthu kunja kuno amawerenga mapepala ochokera kumeneko. Ndikamawerenga ndimaona midzi yake m'maso, ndimadziwa kuti wina wa ife anakhala pa khonde n'kufunsa m'Chitumbuka mwaulemu mpaka yankho linatuluka. Amalawi olemba mapepalawo alipo ndithu ndipo ndimawanyadira, koma tikadali ochepa poyerekeza ndi unyinji wa ife osonkhanitsa.

Sindikunamizani kuti n'zophweka. Semesita yoyamba imathamanga koopsa, njira zounikira data zimabwera mondondozana, sabata ino regression, ya mawa logistic, usanapume mwalowa multilevel models momwe umaika mwana mkati mwa khomo, khomo mkati mwa mudzi, mudzi mkati mwa boma, zonse mu R, pulogalamu ya pa kompyuta yowerengetsera data, ndipo kodi ikakana imakana basi ngakhale vuto ndi kachizindikiro ka koma (,) kamodzi. Chimene chimathandiza ndi chakuti aphunzitsi ali ndi maola oikika oti ukagogode n'kufunsa, ndipo amadabwa ukapanda kubwera. Kuwatchula dzina loyamba mmene amafunira kumandilemerabe pakamwa. Kuzizira ife a ku Mzuzu timati tinazolowera June ndi July, m'mawa wa kuno ukufananako ndithu, koma mdima ndiwo umalemera, mu December 4 koloko madzulo kwada kale ndipo ukatuluka mu laibulale mtima umangofuna kwanu. Lendi imadya gawo lalikulu la ndalama ya mwezi. Viza imalola kugwira ntchito maola 20 pa sabata nthawi ya sukulu, koma pa kosi ngati iyi ukawagwira onse magiredi amalira, ndiye abale mukaona ndatumiza zochepa mundimvetse.

Za njira yofikira kuno, fizi ya ife akunja imapitirira mapaundi 20,000 ndiye popanda sikolashipu n'zovuta. Sikolashipu ya Chevening imafuna maola 2,800 a ntchito, zomwe ndi ngati zaka ziwiri, ndipo ntchito zaganyu ndi zongodzipereka zimawerengedwa, choncho makontirakiti anu a kafukufuku aja musamayatsire mbaula, sungani ndipo pemphani kalata kwa supavaiza ntchito ikangotha asanasinthe nambala. Ukamaliza umayenera kubwerera kwanu kwa zaka ziwiri. Palinso Commonwealth komanso Beit Trust imene imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Konzekerani mayeso a Chingerezi a IELTS ndi kuyezetsa TB musanapemphe viza, ndipo inu apabanja dziwani kuti kuyambira January 2024 ambiri opanga masters ya m'kalasi saloledwa kubwera ndi mabanja, ndiye kambiranani kunyumba zinthu zisanafike patali. Amene simungachoke, ku University of Malawi ku Zomba kuli masters ya Biostatistics, zida zake ndi zomwezi.

Koma musadikire ndege kuti muyambe. R ndi yaulere, RStudio yolemberamo R ndi yaulere, zimagwira pa laputopu wamba ngakhale intaneti palibe mukangoziika. Data ya DHS amapereka ulere mukalembetsa n'kufotokoza mwachidule chimene mukufuna kufufuza, ya IHS ili pa tsamba la World Bank. Gulani bandulo ya usiku mukoke mafayilo, kenako dzipatseni ntchito imodzi yokha, mupeze nokha 37 uja wa ana opinimbira kuchokera mu fayilo ya 2015-16. Poyamba ituluka nambala ina, mufufuze chifukwa chake, muike weight, muone ana ati akuyenera kulowa, mpaka ifanane ndi ya mu lipoti. Mukakhala atatu kapena anayi Loweruka masana pa Luwinga kapena kunyumba kwa mmodzi wa inu kumene kuli sola zimayenda msanga, ndipo pa fomu ya sikolashipu chimenecho ndi chinthu chogwirika choti mulembe.

Dissertation yanga ndikufuna ikhale ya small area estimation, kuphatikiza kalembera ndi kafukufuku wa makomo kuti tiyerekeze umphawi dera ndi dera mkati mwa Mzuzu, chifukwa nambala imodzi ya mzinda wonse imasakaniza Katoto ndi Masasa ngati ndi amodzi. Apa ndipamene ndikufuna thandizo lanu. Amene munapangako listing, yolemba mndandanda wa makomo ija, ku Zolozolo, Chibavi ndi Ching'ambo, nditumizireni mavoisi mundiuze mmene munkawerengera midadada ya nyumba za lendi ija ya zitseko sikisi pa pulote imodzi, ana asukulu ogona m'chipinda chimodzi koma aliyense akuphika zake munkawatenga ngati khomo limodzi kapena angapo, nanga alandilodi akakana kuti mulowe munkatani. Tumizani nthawi iliyonse, kuno tili m'mbuyo ndi maola awiri nyengo ino ndipo ndimamvetsera ndikaweruka m'kalasi.