Ulendo womvera mayina a malo ku Lewis: nyenyezi zitatu, zonse za adalaivala

Anzanga a ku Glasgow amene mumafunsa za kampani ija yoyendetsa alendo pa kabasi pachilumba cha Lewis ku Scotland, imvani. Kupatula mtengo wa ulendowo, sitima ya pamadzi yochokera ku Ullapool kupita ku Stornoway mulipira padera. Anatilonjeza kuti tikamva mayina a malo m'Chigaeliki, chinenero cha makolo a kumeneko, kuchokera pakamwa pa eni nthaka. Tinapeza mnyamata wobwera, waganyu, atanyamula kasipika. Tikafika pamudzi ankangodina batani, mawu ojambulidwa n'kutchula dzina, iye maso ali pa foni. Ku Calanais, pa miyala italiitali imene anthu akale anaimika zaka pafupifupi 5,000 zapitazo, anatithamangitsa tisanakhute n'kuona komwe. Nditamufunsa chifukwa chake midzi yambiri ikuthera ndi "bost", monga Siabost ndi Liùrbost, akuti ndikafufuze pa intaneti. Ine ndalipira ndalama zanga, iye n'kundiyankha choncho!

Anandiyankha ndi adalaivala, bambo achikulire obadwira komweko. Anati mayinawo anasiyidwa ndi anthu a ku Norway, amene mafumu awo analamulira zilumbazi mpaka 1266.

Mtima unatsika titafika ku Holm, pamene sitima ya Iolaire inawomba miyala m'bandakucha wa pa 1 Januwale 1919. Inanyamula asilikali a pamadzi obwerera kwawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, ndipo anthu oposa 200 anafera pomwepo, doko la Stornoway lili pafupi. Mnyamata uja anangotchula dzina la miyalayo m'Chingelezi, "Beasts of Holm", n'kuti jambulani msanga tizipita. Adalaivala anazimitsa injini, n'kuyenda nafe wapansi mpaka pa chipilala, chipewa chili m'manja. Analoza miyalayo n'kuitchula m'Chigaeliki kuti "Biastan Thuilm", pang'onopang'ono, natiuza tibwereze mpaka lilime litazolowera. Kenako anayamba kutchula midzi imene inataya ana ake usiku umenewo: Nis, Tolastadh, Siabost, Liùrbost. Tonse tinangoti zii. Zinali ngati pamaliro kwathu, akamalengeza midzi imene yabwera kudzapepesa. Ine misozi inatsika.

Pobwerera anatiuza kuti m'mbali mwa nyanja mwala uliwonse wowedzerapo nsomba uli ndi dzina lake, ndipo ambiri sapezeka pa mapu a Ordnance Survey, bungwe la boma lojambula mapu; akupita ndi nkhalamba zimene zinkawatchula. Anatilangiza kukamvera mawu a makolo awo pa Tobar an Dualchais, tsamba la pa intaneti losunga mawu ojambulidwa a anthu akale, ndipo zimenezo n'zaulere.

Ndinakonzeka kukaitanitsa ndalama zanga, koma ndaleka chifukwa cha bambo amenewa. Za khalidwe la mnyamatayo ndinawalembera a ku ofesi, mpaka lero sanandiyankhe. Ngati mukupita, imbani kaye mufunse ngati woyendetsa tsikulo amalankhula Chigaeliki, ndipo mukakhale mpando wakutsogolo. Akati ayi, musalipire.