Miyezi 9 ndili ndi PlayStation 4 ndi The Last of Us: mawu anga a mu Januwale ndikuwabweza

Mu Januwale, nditangogula PlayStation 4 yogwirapo kale ntchito kwa mnyamata wina wochokera ku Joni, ndinalemba mwachidule kuti makinawo ndi abwino pa gemu ya mpira, koma chimbale cha The Last of Us chomwe anandiikirapo ngati basela n'chotayitsa nthawi kwa munthu amene anaonera kale filimu yake ya pa TV. Ndinati nkhani ndi imodzimodzi, kungoti mu gemu umatopetsa zala. Lero tili mu Okutobala ndipo maganizo amenewo ndasintha. Amene simunaonere kapena kusewera dziwiranitu kuti ndiulula mathero, chifukwa mkangano wathu wonse wagona pamenepo.

Ndiyambe ndi makina enieniwo. Kashopu kanga kali chakufupi ndi msika pa boma la Dedza. Timameta, timatchaja mafoni, ndipo masana anyamata amalipira kuti amenye mpira pa sikirini. Makinawa ndi aja opyapyala, a 500GB, ndipo amayaka pafupifupi tsiku lililonse. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye sumamva n'komwe kuti akugwira ntchito. Fumbi litayamba mu Seputembala, fani yake inayamba kulira ngati chigayo chapatali. Ndinatsegula chivindikiro chapamwamba, kupukuta ndi kabulashi kometera, n'kuwakweza pa timatabwa tiwiri kuti mphepo izidutsa pansi, phokosolo linachepa. Padi (chija umagwira m'manja posewera) imodzi mwa ziwiri inayamba kukokera yokha kumanzere itatha miyezi 6, koma pamenepo mlandu ndi wa manja a anyamata obwera atangodya chipisi pa chiwaya. Magetsi akazima mwadzidzidzi, makinawa poyakanso amayamba adzifufuza kaye kwa kanthawi, ndipo chondisangalatsa n'chakuti gemuyi imasunga yokha pafupipafupi pomwe mwafika, moti sitinabwererepo kutali. Bandulo siifunika kuti musewere nkhaniyo.

Kwa amene simukuidziwa, gemuyi inapangidwa ndi kampani ya Naughty Dog ya ku America ndipo inatuluka mu 2013. Kampani ya TV ya HBO inaisandutsa filimu ya magawo 9 yomwe inayamba kuonetsedwa mu Januwale 2023, Pedro Pascal akusewera ngati Joel, Bella Ramsey ngati Ellie. Mliri wagwa padziko, ndipo gwero lake ndi bowa wotchedwa Cordyceps. Bowayu alikodi kunkhalango za mayiko otentha, amalowa m'thupi la nyerere n'kumailamulira mpaka ife. M'nkhaniyi walumphira kwa anthu. Joel ndi bambo amene mwana wake wamkazi, Sarah, anaomberedwa ndi msilikali usiku woyamba wa mliriwo. Patatha zaka 20 akupatsidwa ntchito yozembetsa Ellie, mtsikana wa zaka 14 amene analumidwa koma sanadwale, kukamusiya m'manja mwa gulu la Fireflies lomwe likufuna kupanga katemera.

Tinkasewera madzulo tikatseka shopu, ana onse atapita, poti gemuyi ndi ya akuluakulu ndipo muli magazi ambiri. Amene ankakhalapo kawirikawiri ndi mphwanga, alamu anga omwe ndi aphunzitsi, mlongo wanga akaweruka kogulitsa kachewere, mwana wake wa zaka 19 amene amandithandiza kumeta, ndi anyamata ena awiri atatu. Ine ndinkamasulira Chingerezi momwe amachitira aja omasulira mafilimu m'mavidiyo sho. Pasanathe mwezi tinagawikana pawiri: a padi, amene ankafuna kugwira okha, ndi a filimu, amene anaonera kale pa TV ndipo ankangofuna kuona ngati zikufanana.

Mikangano yoyamba inali yaing'ono. Mu gemu, matenda amafalanso ndi fumbi la bowa louluka mumpweya, anthu amavala masiki polowa m'zipinda za pansi. Mu sizoni yoyamba ya pa TV anachotsa zimenezo n'kuikapo timizu totuluka m'kamwa, ndipo anaonetsa kuti mliri unayambira pa fakitale ya ufa ku Jakarta mu 2003, pomwe gemu imati 2013. A padi anati awononga. Mlongo wanga anati kwa iye ufawo ndiwo unamuopsa koposa, chifukwa masiki ungavale, koma ufa ungaukane bwanji? Inali nthawi ya mvula, bowa ali mbwee m'mabeseni m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo nkhani ya bowa ndi ufa inatitengera madzulo onse.

Dandaulo lina la a padi ndikugwirizana nalo mpaka lero: pa TV odwala aja saoneka kwambiri. Mu gemu ndiwo moyo wako wa mphindi iliyonse. Pali ena otchedwa Clicker, omwe bowa anawaphulikira kumaso moti saona, amangotsata phokoso. Umayenda chonyang'ama, zipolopolo uli nazo zitatu, umatola njerwa kapena botolo n'kuponya uko kuti atembenuke. Tsiku lina mnyamata wina anatsokomola mphwanga ali pakati pa awiri a iwo, ndipo shopu yonse inamuyang'ana ndi diso lofiira ngati kuti chilombocho chimumva. Mantha otere filimu sinatipatseko ngakhale kamodzi.

Gawo lachitatu la pa TV, la Bill, mnzake wa Joel, ndi Frank, linagawanitsa anthu kuno monga linachitira kwina konse. Mu gemu Bill umakumana naye ali moyo, wokalipa, ndipo Frank umamupeza atafa kale. Pa TV anawapatsa ola lathunthu la chikondi cha amuna awiri kufikira ukalamba. Ena mwa anzanga anati analidumpha, ena anati analira. Ine chomwe ndinaona nditasewera n'chakuti kalata yomwe Bill akusiyira Joel pa TV ndiyo ikukonza njira ya zomwe Joel adzachite kumapeto, ndipo gemu ilibe kalata yotero.

Pomwe filimu inaposa gemu, kwa ine, ndi pa Henry ndi mng'ono wake Sam, omwe Joel ndi Ellie akumana nawo panjira. Mu gemu ali ku Pittsburgh ndipo Sam amamva bwinobwino. Pa TV anawasamutsira ku Kansas City, Sam anamuchepetsa msinkhu n'kumupanga kukhala wosamva, ndipo mwana amene anasewera gawolo, Keivonn Woodard, samamvadi. Mwana wa mlongo wanga uja nayenso samamva, anaphunzira ku sukulu ya osamva ku Mua. Pa zonse zomwe tinkaonera iye ankangokhala kumbuyo n'kumasewera ndi foni. Titabwereza gawo limeneli kuti tifananitse ndi gemu, anakoka mpando kufika pafupi ndi sikirini. Anandikodola n'kundiuza ndi manja kuti zizindikiro zawo si zathu za kuno, ndi za ku America, koma sanachotse maso. Pomwe Sam akulembera Ellie pa kabolodi kake kuti akuopa, iye anandigwira mkono. Mawa lake anandifunsa ngati mwanayo ndi wosamva weniweni kapena akungoyerekeza. Nditamuuza kuti ndi weniweni anagwedeza mutu nthawi yaitali. A padi sanatsutsenso za kusinthaku.

Tsopano za kuchipatala, zomwe zandichititsa kulemba zonsezi. Joel ndi Ellie afika ku Salt Lake City, aona akadyamsonga akuyenda mumzinda wopanda anthu, kenako a Fireflies awatenga. Kuti katemera apangidwe, madokotala ayenera kuchotsa bowa amene ali mu ubongo wa Ellie, ndipo Ellie afa. Joel akupha aliyense womutsekereza mpaka kufika m'chipinda cha opaleshoni. Pa TV zimenezi zimadutsa m'mphindi zochepa, nyimbo ikulira, iwe uli phee kuonera. Dokotala akutola mpeni wake, Joel akumuombera, basi.

Usiku umene tinafika pamenepa mu gemu, padi inali ndi mphwanga. Analowa m'chipindamo, dokotala ataima pakati pa iye ndi Ellie. Anayesa kumulambalala, sizinatheke. Anabwerera kuchitseko. Anaima osadina kanthu mwina mphindi ziwiri, ife tonse chete, kunja agalu akuuwa. Kenako anati, "Achimwene, palibe njira ina?" Ndinati palibe. Gemuyi siipita patsogolo mpaka dokotalayo umuphe ndi chala chako. Anadina. Anamwino awiri omwe anali pakona anawasiya amoyo, ananyamula Ellie n'kuthamanga naye m'khonde momwe Joel ananyamulira Sarah koyambirira kuja. Atafika pomwe Joel akunamiza Ellie kuti a Fireflies anasiya kufunafuna katemera, mphwanga anaika padi pa tebulo osazimitsa makina, n'kutuluka panja.

Mkangano wake unatha sabata. Alamu, amene anangoonera pa TV, anaima nganganga kuti Joel ndi wakuba, anabera dziko lonse katemera chifukwa cha mwana mmodzi yemwe si wake n'komwe. Anakumbutsa za kolera wa 2022 ndi 2023, ndi Covid-19, momwe tinkaikira anthu m'manda mothamanga, nati munthu amene anaona zimenezo sangaombere Joel m'manja. Mnyamata wina anawayankha ndi mwambi, kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mphwanga, amene ndinkayembekeza kuti aikira Joel kumbuyo, sanatero. Anangoti, "Alamu, inu munaonera. Ine ndi amene ndinadina." Sanati Joel analondola, sanatinso analakwa. Mlongo wanga ndiye anatulutsa mfundo yomwe amuna tonse tinaiphonya: kuti pa anthu onse aja, Joel, Marlene mtsogoleri wa Fireflies, ndi madokotala, palibe amene anadzutsa mtsikanayo n'kumufunsa.

Ichi ndicho sindinkachidziwa mu Januwale. Woonera amaweruza Joel ngati mboni pabwalo la amfumu. Wosewera wakhala naye maola ambiri, wamutolera zipolopolo, wamangirira mabala ake, ndipo mlandu ukafika amapezeka kuti ali m'kati mwake.

Sizoni yachiwiri inayamba pa 13 Epulo 2025, ya magawo 7, ife tisanasewere gemu yachiwiri ya 2020. Mu gawo lachiwiri mtsikana wina dzina lake Abby akupha Joel ndi ndodo ya gofu, Ellie akuona. Anyamata awiri a filimu sanabwerenso kudzaonera, anati popanda Joel palibe nkhani. Pa intaneti mkwiyo unali woposa apa, ndipo si wachilendo: mu 2020 Laura Bailey, amene anapereka mawu a Abby mu gemu, analandira mauthenga omuopseza kuti aphedwa. Ulendo uno ena ananyoza Kaitlyn Dever, amene akusewera ngati Abby pa TV, kuti alibe minofu ngati Abby wa mu gemu, ena ananyoza nkhope ya Bella Ramsey. Zimenezi zimandinyansa. Kukangana za nkhani n'kwabwino, ifenso timakangana, koma kuzunza munthu wogwira ntchito yake chifukwa cha nkhope yomwe anabadwa nayo ndi nkhanza.

Zanga zomwe ndikuidandaula sizoni yachiwiri ndi zina. Ndinapeza zimbale za gemu yachiwiri ku Lilongwe mu Juni. Zimabwera ziwiri, china choikira m'makina, china chosewerera, ndipo zimadya malo pafupifupi 100GB, moti ndinafufuta magemu ena. Titasewera ndinaona kuti pa TV anafulumira kuulula. Amakuuziratu kuti Abby ndi mwana wa dokotala uja, pomwe gemu imakubisira kwa maola ambiri kuti udane naye ndi mtima wonse. Kukambirana kwa Joel ndi Ellie pakhonde, komwe gemu inakusungira kumapeto kwenikweni, pa TV kunabwera mu gawo lachisanu ndi chimodzi. Anthu a pa TV amalankhula zambiri zomwe a mu gemu amangozisunga mumtima. Nkhondo ya odwala pa mudzi wa Jackson komwe Joel ndi Ellie anakhazikika, yomwe mu gemu mulibe, inali yokoma kuonera, sindikana. Koma sizoniyo inathera pakati pa njira, ndipo mbali ya Abby aisiyira sizoni yachitatu.

Ofuna kugula, langizo langa ndi ili: ngati n'za bizinesi, ndalama ili pa mpira, gemu ya nkhani palibe angalipire pa ola. Yang'anani fumbi m'timabowo ta mphepo musanapereke ndalama, gulirenitu padi yapadera, ndipo pa gemu yachiwiri onetsetsani kuti zimbale zilimo zonse ziwiri. Ngati munaonera kale pa TV, sewerani ndithu, ndipo padi muzigwira nokha.

Pakati pa gemu yachiwiri, nkhani imatembenuka n'kukupatsa Abby kuti umusewere. Mphwanga anakana. Tsiku loyamba anamuponya dala kuchokera pamwamba kawiri konse, kenako anandipatsa padi. Ndinasewera ine pomwe Abby ali wamng'ono, akuthandiza bambo ake kumasula mbidzi yokodwa mu waya, mpaka pomwe akulowa m'chipinda cha opaleshoni chija n'kuwapeza ali gone pansi. Mlongo wanga anayang'ana mnyamata wa mwambi uja n'kunena kuti, "Nanga uyu si mwana wa mnzako?" Palibe anayankha.

Tinaisiya pafupifupi miyezi iwiri osaikhudza. Sabata yatha, titatseka shopu, mphwanga anachotsa chimbale cha mpira n'kuikamo cha Abby yekha, osauza munthu. Tafika pomwe Abby akubwerera kukatenga ana awiri omwe anamupulumutsa, Yara ndi Lev, ndipo alamu atumiza uthenga kuti Lachisanu tisayambe iwo asanafike.