Mita yoyezera magetsi yomvera kompyuta: miyezi isanu ndikuigwiritsa ntchito ku Nchalo

Ndimakonza ma sola, ma inveta ndi mapampu othirira kuno ku Nchalo, nthawi zina mpaka ku Ngabu ndi Bangula. Mita ya pa tebulo iyi ndinaigula pa chifukwa chimodzi. Batire lofooka silidziwika masana dzuwa likuswa mtengo, limadziulula usiku, ndipo ndinatopa kudzuka ola lililonse kukalemba mavoti a batire m'kope.

Imamva SCPI, malamulo amene anakhazikitsidwa mu 1990 kuti zida zoyezera za makampani osiyanasiyana zizimva mawu ofanana. Nditailumikiza pa USB ndinatumiza *IDN? ndipo inatchula amene anaipanga, mtundu wake ndi nambala yake. Mukatumiza MEAS:VOLT:DC? imabweza mavoti. Pano kapulogalamu kanga ka pa kompyuta, kolembedwa m'chilankhulo cha Python, kamaifunsa mphindi zisanu zilizonse ine ndili mtulo, m'mawa nkumuonetsa kasitomala nthawi yeniyeni imene batire lake linagwa. Kukangana kunatha.

Chimene chinandivuta ndi kabuku kake, chifukwa sikafotokoza mmene mayankho amalembedwera. Mavoti 12.64 amabwera chonchi: +1.26400000E+01, ndiye pulogalamu yanu iyenera kuwerenga mpaka pa E+01 pamapetopo, poti E+01 akutanthauza kuchulukitsa nambalayo ndi 10. Lamulo lililonse lizitha ndi chizindikiro cha mzere watsopano, \n, apo ayi mita imangoti zii. Mawu oiuza kuti iyeze nawonso amalembedwa m'njira ziwiri zokha: MEAS kapena MEASURE. Ndinalembapo MEASU, osayankhidwa, mpaka nditafunsa SYST:ERR?, lamulo lofunsira chimene chalakwika, ndi pomwe inabweza -113, kutanthauza kuti mawuwo sikuwadziwa. Usiku wina wonse inangolemba 9.9E37. Sikuti inawonongeka. Ndinali nditaiika pa mlingo wa mavoti 10 pomwe mabatire anali a 24, ndipo 9.9E37 ndi njira yake yonenera kuti mwapyola mlingowo. Ntchito ya usiku wathunthu inapita pachabe chifukwa cha mzere umodzi umene akanatha kulemba m'kabukumo.

Kutentha kwa Okutobala, kopitirira madigiri 40, yapirira, bola muzipukuta fumbi pa kafani kake. Ilibe batire lakelake, choncho magetsi akazima nayonso imazima. Ine ndinaigulira ka UPS, kachipangizo kokhala ndi batire kamene kamapereka magetsi akazima.

Ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5. Anzanga amisiri, musanalipire pemphani wogulitsa akupatseni buku la malamulo ake a SCPI, poti m'bokosi mumangokhala kabuku ka mabatani.