Miyezi 14 ndi McIntosh MC275, ampulifaya ya mavalavu, m'nyumba ya ku Lilongwe

Alamu anga atafika nayo kuchokera ku Johannesburg, tinachita kuinyamula anthu awiri kuchoka m'galimoto mpaka pabalaza, pakuti ngakhale imaoneka yaing'ono, imalemera makilogalamu pafupifupi 30, ndipo kulemera konseko kunaunjikana mbali imodzi kumene kuli mathiransifoma atatu akuda. Ndinaigula kwa munthu amene anali ataigwiritsapo kale ntchito, ndipo tsopano patha miyezi 14 ndikumvetsera nyimbo pa iyo pafupifupi madzulo alionse amene magetsi alipo kuno ku Area 47. Nthawi imeneyi yakwana kuti munthu asiye kutengeka ndi kunyezimira kwa chitsulo n'kuyamba kunena zoona zake za katunduyu.

McIntosh MC275 inatuluka koyamba mu 1961 ku Binghamton, m'chigawo cha New York ku America, ndipo katswiri amene anaikonza anali Sidney Corderman. Kampaniyo inasiya kuipanga m'zaka za m'ma 1970, pamene aliyense anathamangira ku mathiranzisita, tizipangizo ting'onoting'ono timene tinalowa m'malo mwa mavalavu, koma inaibwezeretsa pa msika mu 1993 ndipo ikupangidwabe. Dzina lake likunena zonse: mbali ziwiri, iliyonse mawati 75. Mphamvu zimenezo zimachokera m'mavalavu anayi akuluakulu a mtundu wa KT88, amene kampani ya GEC inayamba kupanga ku Britain mu 1956, ndipo kutsogolo kwake kuli ena ang'onoang'ono asanu ndi awiri amene amakweza mawu asanafike ku akuluakuluwo. Iyi si wailesi yodziimira payokha. Imafuna chosewerera nyimbo, preamp (chipangizo chosankhira kumene nyimbo zikuchokera ndiponso chokwezera kapena kutsitsa mawu) ndi masipika, zonse zogula padera.

Amene anabadwa mawailesi a mavalavu atatha kale angadabwe kuti mababu agalasi akuchita chiyani pamenepa. Valavu ndi babu lopanda mpweya mkati, momwe kawaya kakang'ono kamatenthetsa chitsulo chotchedwa kathodi kuti chiyambe kutulutsa maelekitironi, ndipo pakati pa kathodiyo ndi chitsulo cholandira pali kasefa ka waya kamene kamachulukitsa kapena kuchepetsa mayendedwe awo motsata mawu a nyimbo. John Ambrose Fleming ndiye anapanga valavu yoyamba mu 1904, ndipo Lee de Forest anawonjezera kasefako mu 1906. Popeza mavalavu amagwira ntchito ndi mavoliti opitirira 400 pamene sipika imafuna mavoliti ochepa, pakati pawo payenera kukhala thiransifoma, ndipo n'chifukwa chake chipangizochi chimalemera ngati theka la thumba la chimanga ndi kupitirirapo. Ubwino wa ampulifaya ya mavalavu umagona kwambiri pa mathiransifoma ake, ndipo McIntosh inatchuka chifukwa cha kapotedwe kake ka mawaya a mkati mwa thiransifoma kotchedwa Unity Coupled, kamene kamachepetsa kupotoka kwa mawu.

Anthu ambiri amati mavalavu amafewetsa nyimbo n'kubisa zolakwika zake. Pa MC275 zimenezo sindinazipeze, ndipo amene anandithandiza kuzindikira izi ndi amayi anga, omwe sadziwa n'komwe kuti KT88 ndi chiyani. Atabwera kudzatichezera kuchokera ku Dowa, ndinawaikira CD ya kwaya ina ya amayi a Chigwirizano imene iwo amaikonda ndipo aimvera kambirimbiri pa wailesi yawo ya mabatire. Anakhala chete mpaka ndime yachiwiri, kenaka analoza sipika ya kumanzere nati, "Iwe, amene akuimba aluto ukoyo akuchedwa kulowa, ndipo akupuma pakati pa liwu." Ndinabwezera nyimboyo kumbuyo, ndipo zinalidi choncho. Mawu a anthu ndiwo chuma cha ampulifaya imeneyi: woimba aliyense amakhala pa malo ake, wa besi kumbuyo, wotsogolera pakati, ndipo kuomba m'manja kumamveka ngati zikhatho za munthu osati ngati pepala likung'ambika. Chimodzimodzinso gitala yosalumikiza ku magetsi, imene imamveka ndi thabwa lake lomwe, komanso ng'oma zathu, pakuti mbalule ndi mpanje sizisakanikirana kukhala phokoso limodzi monga zimachitira pa zipangizo zotchipa. Chimene ndimachiyamikira koposa n'chakuti munthu atha kumvetsera maola atatu osatopa makutu, ngakhale atakweza mawu.

Kufooka kwake kuli pa besi yolemera ya nyimbo zamakono. Mphwanga wina anabwera ndi nyimbo zake za amapiano akuyembekezera kuti mawindo anjenjemera, ndipo anachoka wosakhutira. Besi ilipo ndithu, yokwanira ndi yomveka bwino, koma siigunda pachifuwa monga imachitira pa ampulifaya ya mathiranzisita ya mawati mazana angapo. Kumbuyo kwake kuli polumikiza masipika a ma ohm 4, 8 ndi 16 (ohm ndi muyezo wa mmene sipika imakanizira magetsi kudutsa), ndipo ngakhale masipika anga alembedwa 8, besi inakhwima bwinoko nditawasamutsira pa 4; aliyense ayenera kuyesa yekha ndi makutu ake. Wofuna chokuzira mawu pa ukwati kapena pa chinkhoswe asataye ndalama zake pano.

Nkhani yaikulu kwa munthu wa ku Lilongwe ndi magetsi. Choyamba, kuno timagwiritsa ntchito mavoliti 230, pamene zogulitsidwa ku America n'za mavoliti 120, choncho woitanitsa pa intaneti ayang'anitsitse zolembedwa kumbuyo asanalipire. Chachiwiri ndi kuzima ndi kubwerera kwa magetsi. Mavalavu sakondwera ndi kuzimitsidwa n'kuyatsidwanso nthawi yomweyo adakali otentha, ndipo ine ndinaphunzira izi mwezi wachitatu, tsiku limene magetsi anaphethira kawiri motsatizana ndili kukhitchini. Nditabwerera ndinapeza chipangizo chadzizimitsa chokha, ndipo valavu imodzi ya KT88 inali itatha ntchito. Cholakwa chinali changa, popeza ndinailumikiza ku soketi ya pakhoma popanda chotetezera chilichonse. Mmisiri wina wachikulire wa ku Old Town, amene anayamba ntchito yake pa mawailesi a mavalavu, anaiyang'ana mwachidwi ngati waona mnzake wakale, anayeza zonse n'kupeza kuti mathiransifoma ali bwino, kenaka anandilangiza kuti, "Bambo, chinthu ichi musadzachiyatse masipika asanalumikizidwe, mudzapsereza thiransifoma, ndipo imeneyo kuno simudzaipeza. Musadzapisenso dzanja mkati ngakhale mutachizimitsa, magetsi amatsalira." Kuyambira pamenepo ndinaika sitabilaiza ndi kachipangizo kochedwetsa magetsi akabwerera, kofanana ndi kamene timaika pa firiji, ndipo vutolo silinabwerezenso. Pa jenereta yaing'ono sindiiyatsa n'komwe.

Kutentha nakonso si nkhani yongopeka. Kawaya kotenthetsera KT88 imodzi kamadya mawati pafupifupi 10, kutanthauza kuti anayiwo amadya mawati 40 nyimbo isanayambe, osawerengera zina zonse, ndipo mayunitsi a pa mita amayenda ngakhale mawu ali pansi. Mu Juni ndi Julayi kutenthako kumasangalatsa, koma mu Okutobala chipinda chimasanduka uvuni, ndipo fani imene ingathandize imaononganso bata lofunika pomvetsera. Fumbi la nyengo ya mphepo limakhala pa magalasi ndi pa chitsulo chonyezimiracho, moti ndimapukuta sabata iliyonse chikazizira. Ana aang'ono amakopeka ndi kuwalako, choncho chitsulo chotchinga mavalavu sichiyenera kuchotsedwa m'nyumba ya ana. Timagetsi tobiriwira timene opanga anaika pansi pa mavalavu ang'onoang'ono ine sitindisangalatsa, chifukwa timaphimba kuwala kofiirira kwa mavalavu enieniwo, koma alendo ambiri amatikonda.

Mavalavu amatha, monga amathera matayala a galimoto, ndipo akuluakulu ndiwo amayamba kufooka. Ndinayenda m'masitolo a zamagetsi a mumzinda muno osapeza ngakhale imodzi. Mafakitale opanga mavalavu atsala ochepa pa dziko lonse, makamaka ku Saratov ku Russia, ku Čadca ku Slovakia kumene kuli JJ Electronic, ndi ku China, ndipo nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022 mavalavu anasowa ndipo mitengo inakwera. Kwa ife kuno mtolowo unalemeranso kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, popeza zonsezi zimagulidwa ndi ndalama zakunja, kuphatikizapo mtengo wotumizira ndi msonkho. Komanso ndi bwino kugula anayi oyezedwa kuti ndi ofanana mphamvu, kusiyana ndi kugula imodzi yokha yolowa m'malo mwa yakufayo.

Kwa munthu amene ali ndi chizolowezi chokhala pansi n'kumvetsera chimbale chonse osagwira foni, amene nyimbo zake n'za makwaya, jazi, magitala ndi ng'oma, ndiponso amene angathe kuteteza magetsi a m'nyumba mwake, MC275 ndi chipangizo chabwino koposa zonse zimene ndakhala nazo, ndipo sindikuganiza zoigulitsa. Ndikanakhala kuti ndikuyambiranso, ndikanagula sitabilaiza ampulifaya isanafike pakhomo, ndiponso ndikanaitanitsa mavalavu osungira pa ulendo womwewo. Anayi osungira amene ndili nawo tsopano anabwera ndi alamu omwewo pa Khirisimasi, ndipo ali pamwamba pa kabati, m'bokosi lokulungidwa ndi chitenje chakale cha mayi a kunyumba.