Ndalama yake ndi yeniyeni, koma si ya ku Rome monga analembera

Ndinagula ndalama yachitsulo yakale ya Aroma kwa ogulitsa ndalama zakale. Ndinalipira £45 kuphatikizapo mtengo wotumizira, ndipo katunduyo anafika kuno ku Leeds pasanathe sabata. Pamenepo sindingadandaule.

Pa chikalata chomwe chinabwera nayo analemba kuti ndi sestertius (ndalama yaikulu yamkuwa ya Aroma) ya mfumu Gordian III yosulidwa ku Rome. Kumaso kwake zikuoneka choncho: mutu wa kamnyamata kaja kanalowa ufumu mu 238 kali ndi zaka 13, mawu akuti IMP GORDIANVS PIVS FEL AVG akuwerengeka bwinobwino. Koma nditaitembenuza n'kuyang'ana ndi galasi langa lokulitsira zinthu, mtima unangoti phwii. Zilembo za S C zomwe zimakhala pa ndalama zamkuwa za ku Rome kulibe. M'malo mwake pali mzimayi ataima, ng'ombe yamphongo mbali ina, mkango mbali ina, m'mphepete P M S COL VIM, pansi pake AN IIII. Imeneyi ndi ya ku Viminacium, mzinda wa asilikali ku Moesia, kufupi ndi Kostolac ku Serbia wa lero. Ng'ombeyo ndi chizindikiro cha gulu la asilikali la VII Claudia, mkango ndi cha IV Flavia. Kumeneko anayamba kuwerenga zaka zawo mu 239, ndiye chaka chachinayi chomwe AN IIII ikutanthauza chikugwera cha mu 242 kapena 243. Zonsezi zinanditengera mphindi khumi basi pa RPC Online, webusaiti ya ku Oxford ya ndalama za m'zigawo za ufumu wa Aroma, yomwenso ndi yaulere.

Chinandipsetsa mtima ndi yankho la ogulitsawo. Ndinawalembera mwaulemu, zithunzi ndinatumiza, iwo akuti ndalama za m'zigawo zimalembedwa Chigiriki, iyi ndi ya Chilatini, ndiye ndi ya ku Rome. Anawonjezeranso kuti akhala pa ntchitoyi zaka zambiri. Zaka zambirizo osadziwa kuti mizinda yomwe inali colonia (ulemu wapadera womwe Aroma ankapatsa mizinda ina) inkalemba Chilatini? COL yo, chidule cha colonia, akuiona ili pomwepo! Anandiyankha ngati akulankhula ndi mwana amene watola chitsulo pamsewu.

Patapita masiku awiri anandilemberanso okha, ati afunsa mnzawo ndipo ndikunena zoona. Anandibwezera £15 osakangana. Kupepesa kwenikweni sikunamveke, koma ndalama inalowa.

Kunena chilungamo, ndalamayi ndayamba kuikonda kuposa imene ndinkafuna ija. Sanaikwechese ndi bulashi yawaya ngati mmene ena amachitira, utoto wobiriwira wa mkuwa wakale udakalipo, ndipo nyanga za ng'ombeyo zikuoneka ngakhale popanda galasi. Mwana wanga wamkazi amangoitcha ya mkango.

Ndikuwapatsa nyenyezi zitatu. Ndingagulenso kwa iwo, koma azinditumizira kaye chithunzi cha kumbuyo kwake, zolemba zawozo ndasiya kuzikhulupirira.