Château Musar wofiira: mabotolo 6 a zaka zosiyana patebulo limodzi

Vinyo wambiri wa masiku ano amapangidwa kuti azikoma chimodzimodzi chaka ndi chaka, moti mukandandalika mabotolo ake a mphesa zokololedwa zaka zosiyana pa chakudya chamadzulo, anzanu amangogwedeza mitu mwaulemu koma chokamba palibe. Château Musar wa ku Lebanon sali choncho. Chaka chilichonse chimabwera ndi khalidwe lake, n'chifukwa chake ndi vinyo woyenera kwambiri pamene anthu mwagwirizana kulawa zaka zingapo usiku umodzi. Komabe ndi vinyo wovuta, ndipo mukamuchitira changu amakuchititsani manyazi pamaso pa alendo.

Kampaniyi anaiyambitsa Gaston Hochar mu 1930. Mphesa zimalimidwa m'chigwa cha Bekaa, pamalo okwera pafupifupi mamita 1,000, kenako n'kuzinyamula pagalimoto kudutsa mapiri mpaka ku Ghazir, kumpoto kwa Beirut, komwe kuli mosungira vinyo. Mwana wake, Serge Hochar, yemwe anaphunzira ntchitoyi ku Bordeaux, dera lotchuka ndi vinyo ku France, ndipo anamwalira kumapeto kwa 2014, ndi amene anakhazikitsa kapangidwe kamene kakutsatiridwabe. Amasakaniza mphesa zamitundu itatu, Cabernet Sauvignon, Carignan ndi Cinsault. Vinyoyo amawira m'matanki a simenti, amakhala pafupifupi chaka m'migolo ya mtengo wa oak wa ku France, ndipo amathiridwa m'mabotolo osasefedwa. Satuluka kukagulitsidwa mpaka patatha zaka 7 chikololereni mphesa. Choncho ngakhale botolo limene mwagula likungofika kumene m'sitolo ndi lachikulire kale.

Pogula muwerenge bwino chizindikiro cha pa botolo. Kampani yomweyi imapanganso Hochar Père et Fils ndi Musar Jeune, omwe ndi abwino pa ntchito yawo koma sanapangidwe kuti akhale zaka 30. Mukawasakaniza pamndandanda ndiye kuti mukuyerekeza zinthu zosiyana. Wina akakutsatsani wofiira wa 1976, musatulutse ndalama, chifukwa chaka chimenecho nkhondo yapachiweniweni inalepheretsa ntchito ndipo vinyoyo sanapangidwe.

Musasankhe zaka zoyandikana. Kusiyana kwa 2015 ndi 2016 amakumva ndi akatswiri, koma mndandanda wonga 2016, 2010, 2005, 1999, 1995 ndi 1991 umalola aliyense kuona ndi maso komanso kumva ndi mphuno mmene vinyo amakalambira. Wamng'onoyo amakhala wofiira modera, wonunkhira ngati zipatso zakupsa ndi zokometsera zakudya, ndipo amamanga m'kamwa ngati tiyi woviikidwa nthawi yaitali. Akamafika zaka 15 mpaka 20, kumanga kuja kumafewa, mtundu umayamba kupita kwa njerwa m'mphepete mwa tambula, ndipo fungo la chikopa, fodya wouma ndi zipatso zoumitsa limatulukira. Apa ndi pamene Musar amakoma koposa, mwa kuona kwathu. Opitirira zaka 25 amapepuka thupi, amaoneka otuwa moti wosadziwa angaganize kuti afa, koma fungo lawo limasinthasintha mphindi khumi zilizonse. Amene amakonda vinyo wolemera, wakuda bii, adzakhumudwa nawo. Palibe chifukwa chowakakamiza.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amakangana pa vinyo ameneyu, ndipo ndi bwino kuwauziratu alendo musanathire. Choyamba ndi kafungo kobaya m'mphuno konga viniga, nthawi zina konga mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Kamachokera ku asidi wouluka amene amakhala wochulukirapo mu Musar kuposa mwa vinyo wina. Chachiwiri ndi fungo longa la khola kapena chishalo cha hatchi, lomwe limabwera ndi yisiti yotchedwa Brettanomyces. Zikakhala zochepa, ndizo zimamupatsa vinyoyu nkhope yake, ndipo kuwawasako kumathandiza kuti asatopetse pakamwa. Zikachuluka mpaka kuphimba zipatso, botololo lalephera, ngakhale okonda Musar atalitetezera chotani. Izi zimasiyana botolo ndi botolo, ngakhale a chaka chimodzi ochokera m'katoni imodzi. Chimenechi ndi chofooka chenicheni cha vinyoyu, ndipo wogula ayenera kuchidziwa asanalipire.

Musasokoneze zimenezi ndi vuto la chitsekero. Vinyo akamanunkha ngati katoni yonyowa kapena chipinda chankhungu, ndipo kukoma kwake kwazimiririka, ndiye kuti walowa TCA, mankhwala amene nthawi zambiri amachokera m'chitsekero cha cork. Ameneyo mpweya sungamuchiritse. Fungo la khola nthawi zina limachepako vinyo akapuma, koma la katoni yonyowa limangokulirakulira. Akamamveka ngati maapulo ovunda ndipo wasanduka wabulauni, mpweya unalowa kalekale, mwina chifukwa anasungidwa potentha. Chizindikiro chake chimaoneka musanatsekule: vinyo akatsika kupitirira phewa la botolo, kapena pali zomata zouma kunsi kwa chivundikiro, musayembekezere zambiri.

Kukonzekera kumayamba masiku awiri chakudya chisanafike. Imikani mabotolo onse chilili pamalo ozizira kuti nsenga zitsikire pansi, chifukwa vinyo wosasefedwa amakhala nazo zambiri, ndipo zikasakanikira zimamuchititsa kuwawa ndi kukhala wambuu. Pomwa akhale pa madigiri 16 mpaka 18. Akatentha kupitirira 20, mowa wake, womwe uli cha pa 14 peresenti, umalumphira kutsogolo limodzi ndi kafungo ka viniga kaja, ndipo mumamuweruza molakwa. M'nyumba mukakhala motentha, mphindi 20 mufiriji n'zokwanira.

Zitsekero za zaka zoposa 15 zimafewa ndipo zimanyenyeka. Chotsekulira wamba chopotana chimangoboola pakati n'kutuluka ndi zinyenyeswa. Gwiritsani ntchito chija cha malilime awiri achitsulo chotchedwa Ah-So: lowetsani lilime lalitali pakati pa galasi ndi chitsekero, kenako lalifupi, kankhani mogwedeza uku ndi uku osati molunjika pansi, ndiyeno kokani mukupotokola. Chitsekero chikakhala cholobodoka, Ah-So imachikankhira m'kati, ndipo apa ndi pomwe Durand, yomwe imaphatikiza chopotana ndi malilime, imapulumutsa. Chikagwera m'kati musataye mtima. Sefani vinyoyo pa kansalu koyera kopanda fungo la sopo.

Pokhuthulira mu decanter, chotengera chagalasi chothandiza kulekanitsa vinyo ndi nsenga komanso kumupatsa mpweya, ikani kandulo kapena tochi kunsi kwa khosi la botolo, thirani pang'onopang'ono osaimitsa, ndipo musiye mukangoona nsenga zikufika pakhosi. Mumataya mamililita 40 kapena 50 basi. Lamulo lodziwika limati vinyo wokalamba asapatsidwe mpweya wambiri chifukwa amafota msanga, koma Musar amaphwanya lamuloli. Nthawi zambiri amanunkha zachilendo akangotsekulidwa, n'kudzatseguka patapita ola kapena maola awiri. Achichepere muwapatse maola awiri kapena atatu. A zaka za m'ma 1990 mulawe kaye pang'ono: ngati fungo lili bwino, bwezerani m'botolo lotsukidwa n'kutseka, ngati lili lotsekeka asiyeni ola limodzi. Botolo lililonse kapena decanter iliyonse ilembedwe chaka chake pa kapepala, chifukwa pofika tambula yachinayi palibe amene amakumbukira.

Botolo la mamililita 750, mutachotsa nsenga, limapereka mamililita 70 kwa aliyense ngati muli anthu 10. Musathire onse nthawi imodzi. Yambani ndi 35, enawo mubwererenso patatha ola, chifukwa vinyo amene anali wotsiriza pa ulendo woyamba kawirikawiri amadzatsogola pa wachiwiri. Mabotolo 6 pa anthu 10 ndiye kuti aliyense wamwa mamililita 420, kuposa theka la botolo, choncho pakhale madzi ambiri, chotengera cholavuliramo, ndipo woyendetsa galimoto asankhidwe musanayambe.

Za ndondomeko anthu amatsutsana. Ena amayamba ndi wamng'ono kuti wamkulu akhale womaliza, koma kumanga kwa achichepere kumatopetsa lilime, ndipo wa 1991 amafika pamene anthu ayamba kale phokoso. Ife timakonda kuthira awiriawiri, kuyambira okalamba, aliyense ali ndi matambula awiri ofanana kukula ndi kapangidwe. Matambula osiyana amanamiza mphuno.

Chakudya chisapikisane ndi vinyo. Nyama ya nkhosa yowotcha, bowa, buledi wamba ndi tchizi cholimba zimayenda naye bwino. Tsabola wambiri, msuzi wotsekemera ndi saladi wa viniga zimamupha, makamaka okalambawo. Maluwa onunkhira ndi makandulo a perefyumu zichoke patebulo.

Kwa gulu limene limakonda kukangana pa zimene likumva m'tambula, Musar ndi woyenera ndalama zake, ndipo mabotolo ake akale amapezeka pamtengo wotsika poyerekeza ndi vinyo wotchuka wa ku Bordeaux wa msinkhu womwewo. Kwa amene akufuna kuti botolo lililonse likhale loyera ndi lodalirika, asankhe wina. Mukasankha Musar, mugule botolo limodzi lapadera la chaka chakale kwambiri pamndandanda wanu, n'kuliimika pamodzi ndi enawo masiku awiri aja.