Sitima yapamadzi ya ku Durban mpaka ku Maputo: ndemanga yanga kwa anzanga a mu Harare

Ambiri mwakhala mukundifunsa ngati ulendo wa sitima yapamadzi wochoka ku Durban kupita ku Maputo ndi wofunika kuusungira ndalama. Inde, pitani, koma musagule chilichonse chimene angakutsatseni mukangolowa m'sitima. Ine ndinapita ndi bambo a kunyumba komanso apongozi anga aamuna, ndipo ndalama zake zinachokera ku chipereganyu cha amayi a kutchalitchi kwathu ku Mufakose. Matikiti tinagula kwa kampani ina yokonza maulendo m'tauni muno. Sitimayo ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ulendo woona mzinda wa Maputo umene amagulitsa m'sitima momwemo ndikuupatsa ziwiri zokha.

Ife a ku Harare timayamba kutopa nyanja isanaoneke n'komwe. Basi ya pa Roadport, mzere wa pa Beitbridge, kusintha basi ku Johannesburg, kenako Durban, zonsezi ndi za m'thumba mwanu, sizili pa tikiti ya sitima. Kafikeni ku Durban dzulo lake, chifukwa sitima sidikira munthu amene wachedwa pa boda. Maulendowa amachitika m'miyezi ya dzinja, cha mu November mpaka April, ndiye konzekerani kutentha ndi mvula yomwe.

Kachipinda kathu kanali kamkati, kopanda zenera, kotsika mtengo. Kanali kaukhondo, zofunda zoyera, madzi otentha osadukiza. Apongozi tinawatengera chipinda cha zenera ndipo tinachita bwino, munthu wamkulu amafuna kuona kuti kunja kwacha. Chakudya chili pa tikiti ndipo n'chochuluka, kuyambira m'mawa mpaka usiku. Nsima ndi nyama zinalipo, koma nkhwani wotendera musamuyembekezere.

Za mafunde ndinene poyera. Amene munakwerapo boti pa Kariba kapena Ilala pa nyanja ya kumudzi, musaganize kuti n'chimodzimodzi. M'mbali mwa gombe la KwaZulu-Natal madzi a m'nyanja amayenda mwamphamvu kulowera kumwera, ndipo mphepo ikawomba mokumana nawo, mafunde amakwera. Usiku woyamba apongozi anagwidwa nseru ndi chizungulire mpaka anakana chakudya. Mnyamata wina wogwira ntchito m'chipinda chodyera, wa konkuno ku Zimbabwe, ataona mpando wawo uli wopanda munthu anafunsa kuti, "Sekuru ali kuti lero?" Sipanapite nthawi anabwera kuchipinda ndi tiyi wa jinja, mabisiketi ouma ndi apozi wobiriwira wodula kale, nkuwalangiza kuti akakhale chapakati pa sitima pomwe sipagwedezeka kwambiri. Palibe anamutuma. Ogwira ntchito m'sitimayi ndiwo anandikhutiritsa kuposa magetsi ndi magule a usiku aja.

Chimene chinandipweteka ndi ndalama zobisika. M'sitima simugwiritsa ntchito ndalama yapamanja, amakupatsani khadi limene ndi kiyi ya chipinda komanso chikwama chanu. Zakumwa zoziziritsa kukhosi, intaneti, zithunzi zimene amakujambulani polowa, zonse zimalembedwa pa khadilo. Palinso ndalama yothokozera ogwira ntchito imene amadula tsiku lililonse pa munthu aliyense. Sindikudandaula kuti anyamatawo alandire, ayeneradi kulandira. Ndikudandaula kuti amene anatigulitsa matikiti ku Harare sanatiuze, chonsecho tinawafunsa ngati pali china choonjezera. Funsani, ndipo akulembereni pa pepala.

Pa Portuguese Island, kachilumba ka pafupi ndi Inhaca pakamwa pa Maputo Bay, sitima imaima patali ndipo amakutsitsani ndi timaboti. Nyanja ikakwiya satsitsa munthu. Ife tinatsika. Mchenga woyera, madzi ofunda, mthunzi wochepa. Ana angasangalale, ine sindinakhalitse.

Maputo ndiye mtima wa ulendowu. Dzukani m'mamawa mukaime panja sitima ikulowa padoko. Kutsogolo kumaoneka mlatho wa Maputo–Katembe, umene unatsegulidwa mu November 2018, wolendewera pa zingwe, ndipo pakati pa nsanamira zake ziwiri pali mamita 680. Mzindawu unkatchedwa Lourenço Marques mpaka mu 1976, chaka chimodzi dziko la Mozambique litalandira ufulu. Dokoli si lachilendo kwa ife, njanji ya Limpopo yodutsa pa Chicualacuala inayamba kunyamula katundu wa dziko lino kufika pamenepa mu 1955.

Tsono basi yoonetsa mzinda ija. Tinalipira ndalama zambiri ndithu, koma woperekeza alendo ankangoloza zinthu pa zenera. Pa linga lakale la Apwitikizi, Fortaleza, anatipatsa nthawi yongokwanira kujambula zithunzi pa mizinga, kenako nkutithamangitsira kumsika wa ziboliboli ndi nsalu komwe tinakhala nthawi yaitali. Zinali zoonekeratu kuti chofunika kwa iwo n'chakuti tigule. Chonsecho malo ambiri ofunika ali pafupi ndi doko, oyenda wapansi. Masana tinasiya basiyo nkubwerera ku linga tokha, ndipo pakhomo tinapeza bambo wina wa komweko amene amafotokozera alendo pa mtengo wochepa.

Mkati mwa lingalo muli bokosi lamaliro lamatabwa, losemedwa mbali zonse, la Ngungunhane, mfumu yomaliza ya ufumu wa Gaza, wa kumwera kwa Mozambique. Apwitikizi anamugwira ku Chaimite mu December 1895, anamutengera ku Lisbon kukamuonetsa kwa anthu, ndipo anamwalira ku zilumba za Azores mu 1906. Zotsala zake zinabwerera kwawo mu 1985, nthawi ya Samora Machel. Pabwalo la linga lomwelo pali chiboliboli cha Mouzinho de Albuquerque, msilikali amene anamugwira, ali pa hatchi. Kale chinkaima pabwalo lalikulu la mzinda, ufulu utabwera anachichotsa nkuchibweretsa muno.

Apongozi anga ndi Mngoni, makolo awo anachokera ku Mchinji kudzagwira ntchito kuno. Bambo wofotokozera alendo uja atanena kuti Ngungunhane anali mdzukulu wa Soshangane, apongozi anavula chipewa. Soshangane ndi Zwangendaba onse anathawa nkhondo za nthawi ya Shaka, anadzakangana m'njira, Soshangane nkukhazikika kuno kumwera, Zwangendaba nkuwoloka Zambezi mu 1835 ndi anthu amene lero ndi Angoni a ku Mzimba, Mchinji ndi Chipata. Likulu la Gaza linakhalaponso kumapiri a kufupi ndi Chipinge asanalisamutsire kumwera mu 1889. Apongozi anagwira m'mphepete mwa chitseko nkunena chapansipansi kwa mwana wawo kuti, "Awatu ndi abale athu." Kenako anayamba kutchula mayina a agogo awo mmodzimmodzi, zinthu zimene bambo a kunyumba anati sanazimvepo chibadwire. Basi ija ikanatimana zonsezi.

Kuchoka pamenepo tinayenda pang'onopang'ono kukafika pa siteshoni ya sitima zapamtunda, nyumba yobiriwira ndi yoyera ya denga lozungulira, imene inamalizidwa mu 1916. Muli mainjini akale a malasha ndi malo osungirako mbiri ya njanji, ndipo muli mthunzi ndi mipando, zomwe zinathandiza apongozi. Chakumtunda kuli Casa de Ferro, nyumba yachitsulo chokhachokha ya mu 1892 imene anamangira bwanamkubwa koma inakanika kukhalamo chifukwa cha kutentha. Pafupi pomwepo, pa Praça da Independência, paima chiboliboli chachikulu cha Samora, chala m'mwamba. Ife amene timadutsa mu Samora Machel Avenue ya ku Harare tsiku ndi tsiku, tinaima pamenepo kanthawi ndithu.

Mapempho anga kwa eni sitima ndi awiri. Onjezerani nthawi yoima ku Maputo, ndipo amene mumawatuma kuonetsa alendo mzinda akhale oidziwa mbiri yake, osati ongodziwa njira ya kumsika. Inu amene mukupita, tengani nsapato zoyendera, madzi akumwa, ndi ndalama zing'onozing'ono za metikali, chifukwa ogulitsa ena amalandira randi koma pa mtengo wokupsinjani. Ngati muli ndi munthu wamkulu, pobwerera kudoko kwerani takisi ndipo mugwirizane mtengo musanalowe. Nthawi yobwerera m'sitima amailemba pa chikwangwani pomwe mumatsikira, ijambuleni pa foni musanatuluke pageti.